Mawu a m'Filiji

Za khuzumule zija ndi bodza. Ndikudziwa munamva, poti ku Dunoon, kuno ku Kepi, palibe amene sanamve, ngakhale wotsika basi dzulo kuchokera ku Lilongwe amafika atamva kale. Akuti a Otilia anawathirira amuna awo, a Wadson, khuzumule mu tiyi, mawu aja n'kufewa, bandi ya Dzombe ndi Uchi n'kuthera pomwepo. Ena amathiranso mchere, akuti mankhwalawo anachokera ku Machinga m'thumba la Che Fakihi woimba ng'oma. Bodza lamkunkhuniza. Ine ndinkakhala nawo moyandikana, pakati pathu panali lata limodzi basi, ndipo lata la ku Dunoon silisunga chinsinsi. Akanathira kanthu kachilendo mu tiyi, ndikanamva supuni ikutakasa mwachilendo.

A Wadson anabadwira ku Mufakose, ku Harare, koma bambo awo anali mtchona wa ku Ntcheu. N'chifukwa chake Chichewa chawo chimayenda motsimphina, mwendo wina uli ku Chishona. Ali mnyamata ankaimba kwaya, tena yosalala yoti amayi a mvano ankaiwala kutsegula mabuku. A Otilia amanena okha kuti sanakwatiwe ndi nkhope, ndipo tinene zoona, nkhopeyo ndi ya pa chiphaso basi. Anakwatiwa ndi mawu.

Mu 2008, zinthu zitathina ku Zimbabwe, a Wadson anatsikira kuno ku Kepi n'kupeza ntchito ku Montague Gardens, pa fakitale ina yosungira nkhuku ndi nsomba. Musaganize za kafiliji ka kukhitchini. Chimenechi ndi chinyumba choti folokolifiti imalowa n'kutembenukira momwemo. Kulowa m'mawa, kutuluka madzulo ndevu zili mbuu ndi ayisi. Chaka chisanathe mawu anasasa. Ankalankhula ngati munthu akukoka lata pa simenti. Tsiku limene a Otilia anawatsatira, a Wadson atawalonjera pa siteshoni kuti "Mwayenda bwanji, amayi?", mayi aja anacheuka kuona kumbuyo kuti galimoto yawonongeka pati.

Tchalitchi chathu chinali m'galaja. A Wadson anapita kukalowa kwaya monga mwa chizolowezi. Sabata yoyamba anawaika kutsogolo, yachiwiri kumbuyo, yachitatu anawauza mwaulemu kuti Mulungu akufunanso anthu onyamula mabenchi.

Ndiye panali mnyamata wa ku Mbare, ku Harare komweko, Simba, wogwira ntchito yopenta ku Brackenfell. Bwana wake anamupatsa gitala yamagetsi ndi sipika, zimene mwana wawo anazisiya popita kunja. Simba ankalota bandi ya roko. Ankati si roko wamba, ndi olotanetivu. Nditamufunsa kuti n'chiyani chimenecho, anati nyimbo imayamba ngati munthu akudandaula yekha, kenako imaphulika. Ndinati ndiye ndi banja la aliyense, iye sanaseke.

Lamulungu lina abusa anapempha a Wadson kutseka ndi pemphero. Atafika pa "Ameni", chitseko cha galaja chinanjenjemera. Simba anawagwira mkono asanatuluke n'komwe, n'kuwaitana kuti mukoma, ndiye kuti achimwene m'Chishona.

"Mukoma, mawu amenewa mwawatenga kuti?"

"Ndi chimfine, shamwari. Chipola."

"Chisapole! Azungu mawu amenewa amawasaka ndi fodya ndi mowa zaka ndi zaka. Inu mwawapeza ulere pakati pa nkhuku."

Ng'oma anapatsa Che Fakihi, amene ankayendetsa folokolifiti ku fakitale komweko. Iwo ndi Msilamu wa ku Machinga, woimbira beni kuyambira ali mwana, ndipo ananeneratu poyera: "Ine ndimamenya chikopa, achimwene. Ameni muzinena nokha." Lachisanu sankapezeka, ndipo palibe amene ankawafunsa. Wachinayi anali Mackford wa gitala ya besi, amene sanalankhulepo chilichonse m'mbiri yonse ya bandiyi, ndiye nafenso timusiye. Dzina anasankha Simba, kutengera chakudya cha mlaliki wa m'chipululu uja. Ankati uchi ndi uthenga, dzombe ndi pakhosi pa a Wadson.

Tsiku loyamba m'galaja, amayi a mvano anatseka makutu ndi mipango, abusa n'kuyamba kuyang'ana vesi lotulutsira ziwanda. Koma achinyamata anadzaza mpaka mumsewu, ngakhale aja a Chikhosa amene ankatidutsa osatiyankha moni. Abusa atawerenga mitu anatseka buku n'kunena kuti phokosonso ndi mphatso.

Kuchokera apo zinayenda ngati tekisi ya m'mawa. Matchalitchi a azungu a ku Brackenfell anayamba kuwaitana. Ana awo ovala zakuda ankadumpha, kupukusa mitu, tsitsi lili balala. Nyimbo imene inawatchukitsa inali yakuti "Kuno Kukuzizira, Ambuye Tsegulani". Mtsikana wina anauza Simba kuti sanamvepo nyimbo yozama chonchi yonena za mzimu wosungulumwa. Chonsecho a Wadson anaipeka tsiku limene mnzawo anawatsekera m'filiji mwangozi n'kupita kukadya. Wailesi ina yachikhristu inaiimba. Masidi awo ankagulitsidwa pa renki pambali pa mapeyala. Amayi omwe aja a mipango anayamba kunena kuti "a Wadson athu", ndipo wina ankalumbira kuti anawaona kale kuti ali ndi kudzoza pamene ankanyamula mabenchi.

Munthu mmodzi yekha sankadumpha: a Otilia. Ine kuseri kwa lata ndinkamva zonse. M'mawa uliwonse chifuwa, kho kho kho, ndipo tsiku lotsatira konsati bambo aja ankangoloza ndi chala, mawu osatuluka. Mwana wawo Tsitsi, wobadwira konkuno, ankadziwa kuti bambo ndi munthu wobangula Loweruka, wonong'ona Lamulungu.

Mu 2015 a Otilia anawakokera ku kiliniki. Dokotala anaunika pakhosi ndi kanyali, n'kunena mosazungulira kuti mkati mwatupa, ndipo akapitiriza kuzizidwa ndi kukuwa, chaka chamawa sadzaimbanso tena, sadzaimbanso roko, adzanong'ona mpaka kumanda.

"Mwamva, a bambo a Tsitsi?"

"Ndamva. Koma utumiki..."

"Utumiki wa nkhuku? Ine ndinasiya amayi anga ku Mufakose kutsatira tena. Ndinapeza jenereta."

A Otilia ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kommetjie, ndipo madamu awo ankafuna munthu wosamalira maluwa. Pasanathe mwezi a Wadson anali atavula chijekete cha m'filiji, atavala chipewa cha dzuwa. Banja lonse linkagona m'kachipinda ka kuseri kwa madamu, ku Dunoon n'kumabwera Loweruka. Dzuwa, thukuta, kudulira maluwa, ndi tiyi wa jinja, ndimu ndi uchi m'mawa ndi madzulo. Tiyi wake ndi ameneyo, inu a khuzumule inu. Ndinamwako kangapo, ndipo mwamuna wanga akadali wamakani mpaka lero.

Simba sanaone vuto poyamba. Ankaganiza kuti mawu ali ngati chipsera, akabwera abwera. Koma mwezi ndi mwezi dzombe linkachepa. Pokonzekera nyimbo a Wadson ankadzikakamiza, kufinya khosi, mitsempha ili tolotolo, koma pakati pa mzere pankatulukira kanthu kosalala ngati mafuta. Ndipo nthawi yake inali yoipa, poti kunkabwera msonkhano waukulu wa achinyamata ku Brackenfell, kumene munthu wa situdiyo yeniyeni analonjeza kudzawamvera.

"Mukoma, bwererani m'filiji. Masabata awiri okha. Che Fakihi alankhula ndi kapitawo."

"Ine musanditchule," anatero Che Fakihi akumanga ng'oma. "Ndimanyamula mapaleti, osati milandu ya m'banja."

A Wadson anayesa njira yachidule. Izi anandiuza a Otilia okha pa mpope, akuseka mpaka ndowa kusefukira. Masana ena a Otilia analowa m'galaja ya madamu kukatenga sopo, n'kupeza miyendo iwiri ili panja, mutu ndi mapewa zili m'filiji yaikulu yosungira nyama.

"A bambo a Tsitsi! Mukufuna chiyani mu nyama ya madamu?"

Mawu anachokera pansi pa masoseji: "Ndikupemphera."

"Tulukani. Mulungu amamvanso pa dzuwa."

Tsiku la msonkhano linafika, Loweruka masana, tenti yodzaza. Ife a ku Dunoon tinapita pa tekisi ziwiri. Simba anayamba pang'onopang'ono monga mwa mwambo wake, gitala ikudandaula. Che Fakihi analowa, Mackford akugwedeza mutu. Ana ovala zakuda aja anapinda mawondo kudikira kuphulika. A Wadson anagwira maikolofoni ndi manja awiri, kutseka maso, kutsegula pakamwa ngati mkango.

Panatuluka tena ya ku Mufakose.

Yoyera, yosalala, yokwera m'mwamba yokha popanda kukankha. Ana aja anatsala atapinda mawondo, osadziwa kuti adumphe kapena agwade. Mnyamata wina amene anali atayamba kale kupukusa mutu anaimira pakati, tsitsi lili kumaso. Kumbuyo kwa tenti azimayi achibunu okazinga zitumbuwa zawo zopyapyala zija anasiya mapani akupserera n'kumapukuta misozi. A Otilia anakhala pansi pa kireti ya zakumwa, chitenje kukamwa. Tsitsi anawakoka mkono.

"Amayi, akuimba ndani?"

"Bambo ako."

"Ayi, amene akuimbayo."

Munthu wa situdiyo anachoka nyimbo yachiwiri isanathe. Anauza Simba kuti makwaya ali nawo kale ambiri.

Kuseri kwa tenti Simba ankangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. "Mukoma, mwatiphera bandi! Dzombe lili kuti? Ndikufunsa, dzombe lili kuti?"

"Lauluka, achimwene," anatero Che Fakihi. "Watsala uchi. Gulitsani umenewo."

"Uchi aliyense ali nawo! Mukoma, mverani. Lolemba m'mawa kapitawo akukudikirani, ndalankhula naye ndekha. Mukapanda kupita, ine ndi inu tathana."

Lamulungu lonse kuseri kwa lata kunali zii. Lolemba m'mawa a Otilia ndi Tsitsi anakwera tekisi ya ku Kommetjie. A Wadson anatenga chijekete chakale chija n'kuyenda wapansi kulowera ku Montague Gardens.

Zotsatirazi ndi za Che Fakihi, amene sanama pokhapokha pa nkhani ya mpira. Akuti a Wadson anafika, anavala jekete, anaima pakhomo la filiji. Chitseko chinatseguka, mphepo yozizira n'kuwamenya kumaso. Kapitawo anali asanabwere, mkati munalibe munthu, nkhuku zokhazokha m'makatoni. Ndiye bambo aja, kaya anaganiza chiyani, anaponya mzere umodzi wa nyimbo ya kwaya yakalekale. Chinyumba chija chinawabwezera mawu awo, aakulu, oyera, akuzungulira m'mashelefu. Pa msonkhano paja gitala inkawatseka makutu. Apa ndi pamene anadzimva bwinobwino. Anaima kumvetsera mpaka mawuwo anazilala.

"Che Fakihi, amene uja ndine?"

"Nkhuku siziimba, achimwene."

Anavula jekete, kulipinda bwinobwino, kuliika pa folokolifiti. "Mukampatse Simba. Ngati akufuna dzombe alowe yekha."

Simba sanagonje msanga. Anayesa kuimba yekha, zinamveka ngati mbuzi yakodwa mu waya. Kenako anayamba kuima pa geti ya fakitale nthawi yoweruka, kupatsa moni aliyense wotuluka m'filiji kuti amve mawu. Otsokomola anawapeza ambiri, woimba ayi. Tsiku lina pa renki, atakwiya, anati, "Ndi tiyi wa mayi uja ameneyu." Mawu amenewo anakwera tekisi ya ku Bellville ali tiyi, anatsika ali khuzumule.

Lero Simba ali ku Joni, akuti akuimbira tchalitchi china cha magetsi ambiri. Che Fakihi amamenya chikopa pa maukwati a kwawo. Mackford ndinakumana naye mwezi watha, sananene kanthu. A Wadson akudulirabe maluwa ku Kommetjie, ndipo Lamulungu amatsogolera kwaya yomwe ija inawapatsa mabenchi. A Otilia amakhala kutsogolo, dzanja lili pachibwano, kuyang'ana nkhope ya pa chiphaso ija ngati yasintha.

Dzombe ndi Uchi inatha chifukwa a Wadson anachira.