Mapiritsi m'Thumba la Apongozi

Towera anakulira ku Uliwa akugulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, sukulu n'kuisiyira Folomu 2. Atakwatiwa ku Iponga ndi Ambokile, mlimi wa mpunga, amayi akumeneko anamuphunzitsa mwambo wa Ankhonde: mkamwana sayang'ana apongozi aamuna, salankhula nawo. Akawaona panjira amapatukira m'nthochi. Towera sanalakwitsepo.

Mwana wawo Ipyana atayamba kukwawa, Ambokile anayamba kudwala mutu. Kuchipatala china ku Tanzania anapeza kuti mtsempha wa m'mutu watupa, utsala pang'ono kuphulika, ndipo anaikamo kawaya kolukana ngati ukonde. Dokotala anafotokozera Towera, poti ndiye ankamva Chingerezi: m'magazi muli timaselo tokonza mitsempha, timabwera pang'onopang'ono n'kukuta kawayako. Timaseloto tisanamalize, magazi atha kuundana pamenepo, ndiye mapiritsi osungunula magazi asadumphitse.

"Basi akumata nyumba m'mutu mwangamu," anaseka Ambokile. "Amake Ipyana, muwauze amisiriwo afulumire, mvula ili pafupi."

Kumudzi mutu unkabwerabe mwa apo ndi apo. Bambo ake anamutema mphini pachipumi, magazi osaleka. Mkuluyo anati mapiritsi ndi amene akumumalizira mwana magazi, nawaponya m'thumba la jekete. Ambokile anangoti, "Ndi bambo anga, nditani nanga?"

Mapiritsi a mtundu umenewo m'magolosale munalibe. Towera anatuma apongozi aakazi kukapempha mapiritsiwo, iwo n'kubwera ndi yankho la mkuluyo loti mwanayo anabereka yekha. Anatuma mlamu wake Keziya, koma Keziya za timaselo anazisokoneza, mkuluyo mpaka kuseka. M'mawa uliwonse jekete ija inkadutsa pabwalo kupita kukhola la ng'ombe, Towera ali kuseri kwa nkhokwe, Ipyana kumsana, mawu onse a dokotala ali pakamwa. Tsiku lina anafika potulutsa phazi. Analibweza.

Ambokile anagwa akupuntha mpunga. Sanafe ayi, koma dzanja lamanja linafooka, mawunso anamuthawa.

Pano Towera amalima yekha. Mapiritsi aja anawapeza pakhonde, ataikidwa bwinobwino pampando. Amamumwetsa mwamuna wake osadumphitsa, ngakhale namwino anamuuza kuti pamene panawonongeka mwina sipabwereranso. Ipyana akangogwira mutu n'kulira, Towera amamunyamula, kulowa naye m'nyumba, kutseka chitseko, kuti pasapezeke womutema.

Apongozi akamabwera panjira, Towera amapatukirabe m'nthochi.