Kansalu Kofiira pa Chamba cha Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Filimoni, limayamba kubwera ndi fungo, ndipo fungolo silichokera m'khitchini kapena m'tchalitchi. Limandipeza pamalo odikirira tramu, sitima yapamsewu, kuno ku Salford ku Mangalande, mvula ikuwaza, wina akadutsa ndi utsi wake. Amayi anzanga a mumpingo amatseka mphuno n'kuyang'ana kumbali. Inenso ndimatero, pakuti chamba sindinachilawepo chibadwire, ndipo ndinaona ndi maso anga mmene chinasokonezera mutu wa msuweni wanga. Koma mumtima ndimakhala nditabwerera kumapiri a kumadzulo kwa Nkhotakota, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndikutsatira agogo kuseri kwa munda wa chinangwa, kumene njiwa zinkalira m'mitengo ya masuku ndipo masamba opyapyala aja ankanunkhira ngati mango osapsa osakanikirana ndi utomoni.

Agogo sankalima chamba chogulitsa. Mitengo yawo sinkapitirira makumi awiri, yobisika pakati pa chinangwa ndi chulu, chifukwa lamulo linkaletsa nthawi imeneyonso monga likuletsera kuno. Ankasutako pang'ono m'kaliwo pa Loweruka, pamodzi ndi madoda awiri, koma mtima wawo unali pa mbewu, osati pa utsi. Mbewuyo anailandira kwa atate awo, ndipo chaka ndi chaka ankaisankha monga mmene munthu amasankhira mkamwini. M'mawa, mame asanakamuke, ankayenda pang'onopang'ono pakati pa mitengoyo, akufikisa tsamba pakati pa zala, kulinunkhiza, n'kupukusa mutu kapena kugwedeza. Mtengo wothamangira kutalika koma wopanda fungo ankautcha mtali wopanda nzeru. Ankafuna wopirira ng'amba, wosagwidwa nsabwe, wonunkhira monga unkanunkhira wa atate awo.

Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuti mitengoyo ilipo yachimuna ndi yachikazi. Yachikazi ankaitcha misoti. Yachimuna yonse ankaizula isanatulutse ufa wake wachikasu, kusiyako umodzi wokha umene anausankha kuti ubereketse inzake. Umenewo ndiwo unali tambala, ndipo ankaumanga kansalu kofiira kuti pasapezeke wina woukhudza.

"Ukalola tambala aliyense kulowa m'khola," ankatero, "usadzadabwe ndi anapiye ake."

Chaka chimene ndikunenachi, makoswe anaboola chipanda chosungira mbewu, ndipo njere zochepa zimene zinatsala agogo anazifesa zonse. Panalibe yosunga. Mbewu yonse ya atate awo inali chiimire m'munda muja, kudalira tambala mmodzi.

Ine ndinali ndi mwana wadothi amene ndinamuumba kudambo, ndipo analibe mbereko. Tsiku lina masana, ndili ndekha kumundako, ndinaona kansalu kaja kakuwala padzuwa, ndipo ndinakamasula, ndili ndi maganizo oti ndikabwezera lisanalowe dzuwa. Nditafika pakhomo ndinapeza uthenga wa maliro wafika kuchokera ku Ntchisi, agogo akumanga kale kamtolo kawo. Ndinawamva akuuza amalume, mchimwene wa amayi, kuti mawa azule yachimuna yonse, asiye wa nsalu yekha. Ndinkatha kulankhula pomwepo. Ndinaopa, ndipo ndinadziuza kuti ndilawirira m'mawa kukabwezera kansaluko. M'mawa amayi anandituma kuchigayo, ulendo wa tsiku lonse. Amalume, amene ankachita chimene auzidwa osafunsa kawiri, anafunafuna nsaluyo osaipeza, n'kuganiza kuti tambala ali kwina kumene agogo sanawauze, pakuti agogo anali ndi zinsinsi zawo. Anazula yachimuna yonse n'kuitaya mumtsinje.

Agogo atabwerako anaima pakati pa misoti yawo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Sanakalipe. Anangofunsa amalume ngati analibe maso, ndipo amalume anayankha kuti maso anali nawo, koma nsalu ndiyo inalibepo. Kwa masiku atatu kaliwo anakhala pakhoma osakhudzidwa, ndipo amalume ankadyera kuseri kwa nkhokwe ngati mlendo wosafunidwa. Chimenecho ndicho chinandipweteka koposa. Tsiku lachitatu ndinatenga mwana wanga wadothi, wokutidwa m'kansalu kaja, n'kukagwada pamaso pa agogo. Ndinamupereka ndi manja awiri. Iwo anamutenga mwanayo, anamutembenuza uku ndi uku, kenako anandibwezera.

"Mwana wako wafunda bwino, Esinati," anatero. "Mawa ugwire msoti wakuda uja wa m'khola. Tikuwoloka Bua."

Amayi atamva anakhala pansi, pakuti aliyense ankadziwa amene ankakhala kutsidya kwa Bua. Anali a Lameki, mng'ono wawo wa agogo, amene sanalankhulane nawo chiyambire ine ndisanabadwe. Atate awo anawagawira mbewu mofanana, koma a Lameki anasakaniza yawo ndi ina yobwera ndi anthu ochokera kumigodi ya ku Joni, n'kuyamba kulima minda yaikulu yogulitsa kwa oyendetsa malole. Pa maliro ena agogo ananena pagulu kuti Lameki wagulitsa atate ake. Mawu amenewo anatseka njira. Tsopano misoti ya agogo inali itayamba kuphuka, masiku anali ochepa, ndipo m'dera lonselo panalibe wina amene akanakhala ndi tambala wa magazi omwewo, ngakhale osakanikirana.

Tinanyamuka m'mamawa, ine nditakwapatira nkhuku, agogo atavala jekete la ku tchalitchi. Udzu unali wautali ndi wonyowa, mtsinje unali wodzaza, ndipo m'bwato agogo ankangoyang'ana madzi ofiirawo. Tinapeza a Lameki pakhonde akusema mpini. Anali ofanana ndi agogo moti ndinachita mantha, kusiyana kwake kunali koti a Lameki ankaseka.

"Kodi mwasochera, achimwene?" anafunsa osadzuka. "Kuno n'kwa ogulitsa atate awo."

Akazi awo anayala mphasa mofulumira, ndipo malonje anatenga nthawi yaitali, agogo akufunsa za mwana aliyense pomutchula dzina, ngakhale amene anabadwa mkangano utayamba kale. Ndinazindikira kuti zaka zonsezo ankafunsira kwa anthu apanjira. Kenako anandikodola, ndipo ndinagwada ndi nkhuku ija n'kufotokoza mlandu wanga wonse. Nditatha, agogo analankhula monga amalankhulira ankhoswe pa ukwati, pamene akuchikazi amapereka msoti n'kulandira tambala.

"Kwathu kuli misoti, a Lameki, koma tambala tilibe. Ndabwera kudzapempha. Ndipo mawu aja ndinawalankhula ndine. Sanali oyenera kunenedwa pamaso pa anthu."

A Lameki anafunsa ngati anali oyenera kunenedwa kuseri, ndipo agogo anayankha kuti zimenezo akambirana tsiku lina. A Lameki anaseka mpaka kutsokomola, anaika kasemasema pansi, n'kutiuza kuti tiwatsatire.

Tinadutsa m'munda wawo waukulu, mitengo yake yonenepa, ya masamba otambalala. Ndinaona kuti agogo anali atakonzeka kulandira uliwonse umene akanapatsidwa. Koma a Lameki sanaime. Anatsikira kumunsi, kudutsa nkhalango ya nsungwi, mpaka kuseri kwa chulu china, kutali ndi munda uja. Pamenepo panali mitengo yosakwana khumi, ya masamba opyapyala, ndipo umodzi unali womangidwa kansalu kofiira.

Agogo anathyola tsamba, analifikisa, analinunkhiza. Kenako anakhala pansi pomwepo, pa dothi lonyowa, ndi jekete lawo la ku tchalitchi.

"Mumayesa ndinawagulitsa onse atate?" anatero a Lameki motsitsa mawu. "Ndinasiyako apakhomo."

Anadula nthambi zitatu zimene ufa wake unali utayamba kugwa, anazikulunga m'masamba a nthochi, ndipo ine ndinazisenza pamutu njira yonse, ndikuyenda mosamala ngati mkwatibwi. Misoti inabereka. Pokolola, agogo anagawa njere m'zipanda ziwiri, chimodzi n'kuchitumiza kutsidya. Sindinena kuti abalewo anasanduka mabwenzi. Anakangananso kangapo, mwina mpaka miyezi osaonana, koma chipanda chinkawoloka Bua chaka chilichonse kufikira imfa ya agogo. Amalume anapepesedwa ndi tambala weniweni, amene tinamudya tonse.

Tsiku lina mdzukulu wanga Takondwa, amene anabadwira konkuno, anandionetsa pa foni anthu olima chamba mongodzisangalatsa, akutsutsana za mitundu ya mbewu, ina yotchulidwa dzina la dziko lathu. Anandifunsa m'Chingerezi ngati inalidi yochokera kwathu. Ndinamuyankha m'Chichewa kuti awafunse kaye ngati akumudziwa tambala wake. Ndipo ndinamuchenjeza kuti m'nyumba ya amake, amene ndi namwino pachipatala, zimenezo zisadzalowe ngakhale njere imodzi. Anamva.

Ine ndimalima mpiru m'ndowa zinayi kuseri kwa nyumba, wa mbewu imene ndinachoka nayo kwathu, ndipo umene ndausankha ndimaumanga ulusi wofiira. Theka la njere ndakhala ndikulitumiza kwa mng'ono wanga Rozina ku Liverpool, ngakhale m'zaka ziwiri zapitazi zimene sitikulankhulana, chifukwa cha mawu amene ndinamunenera pa ukwati wa mwana wake, anthu akumva. Chilimwe chino nkhono zadya mpiru wanga wonse usanabereke. Mwana wanga akuti angowatumizira uthenga pa foni amayi ake aang'onowo, njere zibwere pa positi. Ndakana. Loweruka likudzali ndikwera sitima ndekha, nditavala chovala cha ku tchalitchi, ndi nkhuku ya m'sitolo m'chikwama.