Dzungu la Pamphepete pa Dzenje

Ayi, kusala sindinaleke, musandimve molakwa. Lenti ikafika ndimasala ngati mkhristu wina aliyense. Chimene ndinaleka ndi kusala kwa mtundu uja ndinasala kuphiri, chaka chimene ndinayamba ntchito yocheka matabwa. Poti mwafunsa ndifotokoza, koma ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye ndingonena momwe zikubwerera m'mutumu.

Zinali zaka za chitaganya zija. Ntchitoyo anandipezera ndi alamu anga, amene ankagwira kale m'nkhalango ya paini. Anapita nane kwa kapitawo. Kapitawoyo anangoyang'ana m'manja mwangamu n'kunena kuti, "Awa ndi manja a khasu. Chabwino, alowe m'dzenje."

Mwina simunaonepo. Macheka ake ndi aatali aja, a anthu awiri. Mumakumba dzenje lakuya kuposa msinkhu wa munthu, n'kugoneka mitanda pamwamba, n'kukunkhunizirapo chipika. Mukasenda makungwa mumatenga chingwe choviika m'madzi a makala, kuchikoka kolimba n'kuchimenyetsa pachipikapo kuti chisiye mzere wakuda. Wina amaima pamwamba, kutsata mzere ndi kukweza macheka. Wina amakhala m'dzenje, kukokera pansi. Mano a macheka amaluma potsika, ndiye wapansiyo akafooka ntchito siyenda. Utuchi wonse umathera pa iye, m'maso, m'kamwa, m'khosi. Mvula ikagwa mumayamba mwakapa madzi ndi chitini, koma matope satha.

Pamwamba panga panali bambo wina wachikulire wa cha ku Mayani, munthu wa gule wamkulu. Ife a ku tchalitchi tinkawatalikira anthu amenewa, ndipo poyamba ndinkawayankha mwachidule. Iwo ataona kolona m'khosi mwanga anangonditcha aKolona, dzina n'kukhala lomwelo.

Tsono kunyumba kunali nkhani. Mayi a kunyumba, aNabanda, anali ndi pakati. Ana awiri tinali titaika kale m'manda, onse asanayambe n'kukwawa komwe. Tsiku la Phulusa ndinagwada m'tchalitchi ku Bembeke n'kumuuza Mulungu kuti, kuyambira lero mpaka Pasaka sindilawa kanthu dzuwa lisanalowe, Inuyo mundisungire mwana uyu. Palibe anandituma. Aphunzitsi a katekisimu ananena poyera kuti a ntchito zolemetsa asadzizunze. Ndinamva ndithu, koma mumtima ndinkati ameneyo sanaikepo mwana.

Masiku oyamba ndinkaona ngati ndikukwanitsa. Kenako thupi linayamba kukana. M'mawa nkhungu ili tolo, kuzizira kuja kwa kuphiri, iwe m'mimba mulibe kanthu, mapazi ali m'matope. Masana anzanga akamaotcha chimanga ine ndinkapita kuseri kwa mulu wa matabwa ndi kolona wanga. Kunena zoona, kupemphera kwake sikunkayenda. Ndinkayamba bwino, n'kudzidzimuka nditawodzera, kolona atagwera mu utuchi. Madzulo ndinkadya ngati wolusa, n'kugona wotopa, n'kudzuka wotopa. Sindikudziwa ngati mukundimva. Ndinkasalira Mulungu, koma m'mutu munkangokhala dzuwa, kuti lafika pati.

Macheka anayamba kupatuka pamzere. Tsiku lina kapitawo anaimika tabwa lathu, n'kuliyang'ana ndi diso limodzi. "Ili ndi tabwa kapena uta? Mawa akatuluka otere, nonse awiri muzipita kwanu."

Mawa lakelo anatipatsa chipika chachikulu, chonenepa ndi utomoni, chogwira macheka ngati ulimbo. Tinacheka mpaka dzuwa kufika pamutu. Ndikukumbuka kuti ndinakoka, kenako n'kukomoka. Podzuka ndinali chagada m'matope, bambo aja atatsikira m'dzenje, akundithira madzi kumaso. Anandikwezera kunja, n'kundikhazika pamphepete, n'kumasula kansalu kawo. Munali dzungu lophika.

"Idyani, aKolona."

"Sindingathe, bambo. Ndinalonjeza."

"Munalonjeza yani?"

Ndinawauza zonse, za manda awiri aja ndi za mwana ali m'njirayo. Ndinkayesa andiseka. Iwo anangotenga tupa n'kuyamba kunola macheka, dzino limodzilimodzi. Ali mkati monola anati, "Ifenso mwana akakhala m'njira zilipo zimene timasala, zakumudzi mukuzidziwa. Sindikusekani ayi. Koma ndifunseko. Masabata onsewa inu mukungolendewera pachigwiriro, macheka amawatsitsa ndani?"

Anatambasula manja. Matuza anali ataphulika, ena akuchucha. Munthu wa pamwamba ntchito yake ndi kukweza ndi kuwongolera, koma iwo ankakweza n'kukankhanso, osandiuza.

"Ndiye akusala pano ndani, inu kapena ine? Inetu ku Phulusa sindinapiteko."

Ndinangoti, "Nanga ndikadya, mwana n'kupita?"

Anaika tupa pansi. "Mulungu wanuyo ine sindimudziwa bwino, mumamudziwa ndinu. Kodi ndi kapitawo? Akaona tabwa limodzi lokhota amachotsa mwana?"

Ndinakhala ndikuyang'ana dzungu lija. Funso limenelo linandivuta kuposa njala, chifukwa ndinaona kuti ndi momwe ndinkamuonera Mulungu, ataima ndi diso limodzi kuyeza masiku anga. Chikhalirecho m'pemphero ndinkamutcha Atate tsiku ndi tsiku. Ndinachita chizindikiro cha mtanda n'kudya. Kukoma kwake sindinakumve. Ndinadya ndi mantha, dzuwa lili pamutu, munthu wa gule akundiyang'anira kuti ndimalize.

Chipika chija tinachimaliza, matabwa ake owongoka. Kapitawo anawayang'ana n'kungodutsa.

Loweruka ndikutsika phiri kupita kumudzi, ndinkangotchera khutu kuti mwina ndimva kulira kwa maliro. Ndinafika pakhomo. ANabanda anali pakhonde akusenda nyemba, mimba ili patsogolo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kasambeni kaye, utuchi umenewo musalowe nawo m'nyumba." Ndinapita kuseri kwa nkhokwe, n'kukhala pansi nthawi yaitali.

Polapa ndinawauza ansembe kuti ndinaswa lonjezo. Anandifunsa ntchito yanga, ndipo nditawauza anati, "Uzidya masana. Ngati ukufuna chosala, sala kukwiya." Chimenechonso n'chovuta, mpaka lero sindinachikhoze.

Mwana anabadwa nthawi yozizira, titakolola. Wamwamuna. Sindinena kuti anakhala moyo chifukwa ndinasala, sindinenanso kuti chifukwa ndinadya. Ana awiri oyamba aja ndinawapemphereranso, koma anapita. Zimenezo sindizimvetsa, ndipo ndinatopa n'kuyesa kuzimvetsa. Chimene ndinatola m'dzenje muja n'chochepa. Ndisanasale ndimayamba ndayang'ana amene wagwira mbali ina ya macheka, kuti kusala kwangako kusathere m'manja mwa wina. Ndipo ndikagwada sindichitanso malonda. Ndimangonena chimene ndikuopa, n'kudzuka.

Ntchito ija ndinaigwirabe zaka zingapo, mpaka chifuwa ichi chinandiletsa. Msana nawo mwauona momwe ndikukhalira. Bambo aja anamwalira kalekale, ndipo pamaliro pawo panavinidwa gule. Ndinaima chapatali ndithu, koma ndinapitako.

Mnyamata mwakumana naye pachipata uja, wamtali kundiposa, ndi mwana yemweyo. Ku tchalitchi analembedwa Yosefe. Dzina la pakhomo pano ndinachita kukapempha kwa mwini wake, ndipo anaseka mpaka kutsokomola asanavomere. Ndi dzina la bambo a dzungu aja, aKadzuwa.