Jekete la Buluu la Msodzi wa Nkhanu

Ku tawuni ya Beaufort, kutsidya kwa nyanja, kunali mkulu wina, msodzi wa nkhanu, amene sankavula jekete lawo la buluu ngakhale dzuwa liswe mtengo. Analivala koyamba atathawa ukapolo n'kulowa usilikali wa mbali ya Kumpoto kwa dzikolo, pa nkhondo imene inamasula akapolo. Mabatani ake ankawapukuta m'mawa uliwonse.

Febe, mayi woyandikana nawo nyumba, ankakonda kuwaseka: "Agogo, mudzapsera momwemo ngati mbatata!"

Lamlungu lina mkuluyo anakomoka m'tchalitchi chifukwa cha kutentha. Febe atawavula jekete ndi malaya kuti apitidwe mphepo, anawaona kumsana. Msana wonse unali zipsera za chikoti, zina pamwamba pa zinzake.

Mkuluyo anatsegula maso. "Ndiveke, mwana wanga. Zakumsanazo analemba ndi bwana wanga wa ku ukapolo. Jeketeli ndinasankha ndekha."

Febe anawaveka, n'kumanga mabatani onse mpaka la pakhosi.