Mayi Serafina Kerketta ndi Mbale ya Mkuwa

Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wa mayi Serafina Kerketta, amene tinawaika m'manda Loweruka lapitali. Ndalemba zimene ndinaona ndi zimene iwo anandiuza.

Mayi Serafina anabadwira kuseri kwa mapiri a ku Gumla, m'banja la olima mpunga. Sukulu anangoilawa zaka ziwiri. Ntchito yawo pakhomo inali ya mbale ya mkuwa. Kwawo, monga kwathu konse kuno, mlendo akachoka kutali amaima pakhomo, mkazi wa m'nyumbamo n'kumusambitsa mapazi m'mbale ija, kumudzoza mafuta a mpiru, ndiye alowe. Ankati anayamba kudziwa mapazi a anthu a m'mudzi mwawo asanadziwe nkhope zawo. Nyengo ya maluwa a mtengo wa mahuwa, ankadzuka mbandakucha kukatola ogwa usiku, ndipo belu la tchalitchi likamalira m'nkhungu ankaganiza kuti likulira m'kati mwa mtengo.

Lachinayi Loyera lina, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anaona wansembe akusambitsa mapazi a amuna khumi ndi awiri n'kungowapukuta. Anafuula tchalitchi chonse chikumva: "Aiwala mafuta!" Amayi awo anawatsina khutu, koma kuyambira tsikulo anadziwa kuti Ambuye Yesu ndi munthu wa kwathu, wodziwa mwambo.

Anakwatiwa ndi bambo Silvanusi Kerketta, woumba njerwa, amene anamwalira ndi chifuwa patangopita zaka zinayi. Ana awo awiri sanakule. Mayiwo anabwera kuno kutauni n'kupeza ntchito yochapa pachipatala chachikulu cha odwala misala. Anachapa kumeneko zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Kuseri kwa khoma lalitali kunali nyumba za akazi okhalitsa, oposa mazana awiri. Onse anali ometedwa, onse ovala zabuluu, chovala chilichonse ndi nambala yake pakhosi. Mayi Serafina anaphunzira dzina la mwini nambala iliyonse. Poyanika ankapemphera kolona, ndipo pa chovala chilichonse ankatchula dzina: uyu Filomina, uyu Sukro, uyu Mariamu. Ankati mphepo ikadutsa m'zingwe, zovala zija zinkatukula manja ngati khamu la anthu lofuna kunyamuka kupita kwawo, koma zopanira n'kuzigwira paphewa. Loweruka akaweruka sankapita kunyumba. Ankatenga beseni ndi kabotolo ka mafuta n'kumasambitsa mapazi ong'ambika a akazi aja. Anzawo ankawaseka.

"Serafina, wapenga nawenso? Tikusokere yako yabuluu?"

"Musoke yaikulu," ankayankha, "ndanenepa."

Atapuma ntchito, kunabwera lamulo loti okhalitsa aja abwerere kwa abale awo. Ena analandiridwa bwino. Ena tinkawaona kusiteshoni ya sitima, akugona pansi pa mlatho.

Mmodzi wa obwerera anali azakhali anga, a Pulkeria Toppo, mlongo wawo wa bambo anga. Anawatenga ali ndi zaka makumi awiri, mwana wawo wakhanda atamwalira iwo n'kuyamba kumva mawu omwe ena sankawamva. Anakhala kuseri kwa khoma lija zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tsiku limene anafika ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikukumbukira munthu woonda, wa tsitsi lalifupi, ataima pakhomo pathu ndi kaphukusi m'manja.

"Lowani, alamu," anatero amayi anga. Azakhali sanasunthe.

"Achemwali, lowani," anatero bambo. Sanasunthebe.

Anaima choncho kuyambira masana mpaka mthunzi wa nyumba unafika pamsewu. Anthu anasonkhana. Bambo anati, "Mwaona nokha. Munthu wochira angaime pakhomo ngati mtengo? Mawa ndikawabweza."

Mayi Serafina ankadutsa kuchokera ku Misa ya madzulo. Anayang'ana azakhali, anayang'ana fumbi la kumapazi kwawo, n'kutembenukira kwa bambo.

"Zakariya, mbale yako ili kuti?"

"Mbale yanji, amayi?"

"Munthu wachoka ulendo wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Si misala iyi. Akudikira madzi."

Amayi anga anaweramitsa mutu. Mbale inalipo, pamwamba pa kabati. Koma aliyense ankadziwa kuti amene wamusambitsa mapazi sungamubwezenso, ndiye mbale sinatsike. Mayi Serafina sanadzudzule munthu. Anagwira azakhali padzanja n'kupita nawo ku kanyumba kawo ka chipinda chimodzi, kuseri kwa tchalitchi. Anawasambitsa, anawadzoza, ndipo azakhali analowa.

Anakhala limodzi zaka khumi ndi ziwiri. Sindinena kuti zinali zokoma zokhazokha. Masiku ena azakhali ankabisa mankhwala m'tsaya n'kukalavula kuseri. Mawu aja akabwerera, sankadya. Tsiku lina anaswa chifaniziro cha Amayi Maria n'kugulula dzino la mayi Serafina ndi chigongono. Mayiwo anamata chifanizirocho ndi phala la mpunga, ndipo za dzino anangoti, "Linali logwedera kale." Mwezi uliwonse ankakwera nawo basi kukaonana ndi dokotala. Kawiri konse, zinthu zitavuta kwambiri, anakawasiya okha kuchipatala, ndipo kawiri konse anakawatenga okha. Ankati chipatala ndi chabwino khomo lake likamatsegukira mbali zonse ziwiri.

Masiku abwino ankakhala pakhonde kumasankha mpunga, osayankhulana, nkhunda zikutola m'mbali mwa mapazi awo. Ndikamachokera kusukulu ndinkachedwa dala pamenepo. Ndinkaona ngati nthawi ikafika pakhonde lija imavula nsapato n'kukhala pansi.

Chaka chatha, bambo wina wotulutsidwa kuchipatala anapezeka atafa ndi chisanu m'mbali mwa njanji. Akhristu anakumana itatha Misa kuti alembe kalata yopempha boma kuti litsegulenso nyumba za okhalitsa. Woyendetsa nkhaniyo anali bambo anga. Mayi Serafina anali atayamba kudwala mtima, ndipo tonse tinkadziwa chimene chinkawasautsa bambo: mayiwo akapita, azakhali apita kuti? Bambo Mfumu anapempha mayi Serafina kuti anenepo, poti ndiwo ankadziwa za kuseri kwa khoma. Anaimirira atagwira benchi.

"Kumeneko anthu ankadya katatu, mvula sinkawanyowetsa. Kusiteshoni ndaona Filomina wanga akudya za m'zinyalala. Ndiye sindinganene kuti musatsegule. Alipo odwala amene nyumba singawathe, ndikudziwa, dzino langa ndi mboni." Anthu anaseka. "Koma m'zaka zonse zija, Lamlungu lililonse akazi aja ankatsamira pachipata kudikira abale. Obwera ndinkawawerenga ndi dzanja limodzi. Mukatsegula, mutsegulire wodwala. Musatsegulire mpumulo wanu."

"Nanga amayi, tisaine kapena ayi?" anafunsa mnyamata wa kwaya.

"Ine sindidziwa kulemba, mwana wanga. Ndipo chala changa chinatha ndi sopo, sichidinda."

Kalata inapita. Yankho silinabwere mpaka lero. Koma dokotala anapatsa bambo anga pepala loti azakhali akhoza kukagonekedwa nthawi yaitali ku chipatala china chakutali, m'bale wawo akangosaina. Bambo analipinda n'kuliika m'thumba la malaya.

Mayi Serafina anamwalira m'mawa, nyengo ya mahuwa, atalandira Ukaristia ndi kudzozedwa. Fungo la maluwa linkalowera pawindo. Azakhali anakhala kumiyendo kwa bedi, akuwasisita mapazi ndi mafuta. Bambo anga analipo. Mayiwo anawayang'ana n'kunena kuti, "Zakariya, sindikupempha kanthu. Ndangofuna udziwe kuti botolo lili pawindo." Kenaka anayang'ana kudenga nthawi yaitali, akumwetulira ngati akuona zingwe zodzaza. "Zauma zonse," anatero. "Anulani." Sanayankhulenso.

Titachoka kumanda, azakhali sanabwerere ku kanyumba kaja. Anayenda okha, ife tikutsatira, mpaka pakhomo pathu. Anaima pomwe anaima tsiku lija, kaphukusi m'manja. Ngodya ya pepala inkaoneka m'thumba la bambo. Palibe anati lowani. Tinangomva belu la masana likulira.

Bambo anatulutsa chinthu m'thumba lina. Linali botolo la pawindo lija.

"Mayi a Anupa," anatero kwa amayi anga, "mbale ija."

Mbale inatsika itachita ndere. Amayi anaikwecha ndi bwemba ndi phulusa, azakhali akudikira. Kenaka amayi anagwada, ndipo bambo, ngakhale si ntchito ya amuna, ndiwo anathira madzi.

"Akuzizira, mlamu," anatero azakhali.

"Pepani, alamu."

"Zaka khumi ndi ziwiri, osafunditsako n'komwe?"

Amayi anaseka misozi ikugwera m'mbale. Anawadzoza, ndipo azakhali analowa.

Akugona m'chipinda changa. Dzulo anakana mankhwala mpaka masana, ndipo basi ya mwezi uno akwera ndi bambo. Pepala lija amayi anayatsira moto.

Tiwapempherere mayi Serafina kuti ause mumtendere. Ine ndikhulupirira kuti pakhomo pomwe afika sanaimepo nthawi yaitali, ndipo kuti Mwini nyumbayo sanaiwale mafuta.

Anupa Toppo