Chambo zitatu za a Bwanali

Senderani kuno, mukhale pansi, nkhani iyi siyomvera chiimire. Ndikakumbukira a Bwanali, amene tinayandikana nawo nyumba ku Senga Bay ndili mtsikana, ndimamva fungo la nsomba zowamba ndi la phula lomatira mabwato, ndiponso kakhosomoledwe kawo kamene kankavulitsa zipewa amuna a ndevu zawo. Sanali mfumu ayi, koma gombe lonse linali m'manja mwawo: makoka awiri, mabwato atatu, ndi mpando umene ankachita kuwanyamulira kuti asakhale pamchenga ngati ife.

Kwathu kuno mwambo ndi wakale: wagwira chingwe cha khoka, wapata ndiwo. Tsiku lina mayi anga, amene anali amasiye, anakoka nawo kuyambira m'mawa mpaka zikhatho kusupuka. Pogawa nsomba anatchera mbale yawo. A Bwanali anaikankha ndi ndodo.

"Wakuitanani ndani? Mwana wanu ndimamudyetsa kale. Mukufuna ndidyetse mtundu wonse?"

Anthu anaseka. Anaseka ndithu, ena mwa iwo abale athu! Mayi anangotola mbale yawo n'kumapita, chifukwa alongo anga a Lemani ankapalasa bwato la munthu yemweyo.

Nyengo yozizira kunabwera mwera woopsa, nyanja kuchita kutuwa. Asodzi onse anakokera mabwato kumtunda. A Bwanali akuti, "Amantha akagona, nsomba zonse n'zanga. Nyanja imandidziwa ine." Kuwadziwa kuti? Iwo anatsala pampando. Amene anakaponya khoka anali a Lemani ndi Saidi, mwana mmodzi yekhayo wamwamuna wa a Bwanaliwo. Bwato linagubuduzika masanasana, ife tikuona. Mitembo inapezeka m'mabango patapita masiku awiri.

Mpando uja sunaonekenso. Makoka a Bwanali anawasiyira antchito awo, iwo n'kumakoka nawo chingwe ngati wina aliyense. M'mawa wina ndikusesa, ndinawaona akubwera opanda nsapato, ataonda, chambo zitatu zili m'manja. Anakhala padothi, kutali ndi mphasa.

"Odi, amake Lemani."

Mayi anapitiriza kupeta mpunga.

"Mawu opepesera ndilibe. Ndangobwera ndi ndiwo za ana."

"Bwererani nazo. Pano palibe wakuitanani."

Anazisiya pansi n'kumapita. Mayi anatiletsa kuzikhudza. Agalu anadya, ife tikudyera chigwada chopanda mchere. Mawa lake anabweranso. Mkuja wake anabweranso. Miyezi inayi agalu a m'mudzi mwathu ananenepa.

Ndiye mumve izi. Oseka aja ndi amene anayamba kubwera kudzalangiza mayi. "Inu amake Lemani, khululukani, munthu wasintha. Taonani mmene akugawira nsomba kwa amasiye, mwini wake n'kubwerera chimanjamanja."

"Asintha, inde," anatero mayi. "Aphunzirira pa mwana wanga."

Koma njala ilibe manyazi. Mng'ono wanga Esinati anayamba kutupa miyendo, tsitsi kufiira. Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo a Bwanali atafika anawaimirira n'kuloza ine.

"Patsani mtsikanayu akaphike. Koma musaganize kuti Lemani ndi chambo zitatu."

"Ndikudziwa, mayi. Ngakhale nyanja yonse."

Bambo uja analira ngati khanda, chipumi chili padothi. Mayi sanawadzutse.

A Bwanali anabweretsa ndiwo mpaka miyendo itakana, ndipo pamaliro awo anthu anachita kupikisana powatama. Mayi anapita, anatunga madzi a pasiwa, koma msozi sanagwetse. Nawonso anamwalira patapita zaka zitatu. Esinati anachira, ali ku Maganga ndi zidzukulu zake. Oseka aja anapeza bwana wina womuvulira zipewa.

Ine sindikana ayi, a Bwanali anafa ali munthu, ndipo nsomba zawo ndinadya. Koma wina akandiuza kuti mavuto amaphunzitsa, mtima umandiwawa mpaka lero. A Lemani anali asanakwatire n'komwe. Analakwa chiyani kuti akhale phunziro la munthu wina?