Makhadi a Bambo Zhelyazko

Bambo Zhelyazko ankasoka nsapato m'kachipinda ka pansi pa nyumba yathu yosanja, mumzinda wa Ruse. Anali osakwatira, osamwa mowa wa rakiya, ndipo makasitomala akakhala kulibe ankangolemba manambala m'makope. Munthu wotere saoneka bwino kwa anzake.

Mwezi uliwonse ankalandira khadi kuchokera kutsidya kwa mtsinje wa Danube, ku Romania. Pakhadipo panalibe moni, panali nambala imodzi basi. Ndine ndinayamba kuona zimenezi, pakuti bokosi lawo la makalata linagundana ndi langa. Ndinanong'oneza a Donka, mayi amene ankasunga kaundula wa anthu a m'nyumbamo.

"Nambala yokha?" anatero a Donka. "Mwana wanga, wosoka nsapato amawerenga mpaka folote-sikisi, saizi ya nsapato yaikulu. Kupitirira apo ndiye ukazitape."

Patapita masabata awiri, kunafika apolisi achinsinsi awiri ovala majasi otuwa. Ine ndinali pomwepo, kudikira jombo zanga. Wamtali anaponya khadi pathebulo.

"Madala, tatiuzeni. 1,000,009 ndi chiyani? Asilikali? Zipolopolo?"

"Ndi nambala, bwana."

"Musatiyese ana."

Bambo Zhelyazko anachotsa misomali imene anailuma pakamwa. Anati kutsidyako kuli mnzawo, a Octavian, mphunzitsi wopuma ntchito amene anagonekedwa naye m'chipatala chimodzi kalekale. A Octavian amatumiza nambala, iwo n'kufufuza ngati ili yosagawika, kutanthauza kuti palibe nambala ina yoigawa popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe.

"Iyi imaoneka ngati yosagawika," anatero, maso akuwala, "koma ndi yabodza. Yandidyera masiku anayi. Tachulukitsani 293 ndi 3,413 muone."

Wamfupi anatenga pensulo. Analakwitsa kawiri, thukuta lili kamukamu. Kachitatu yankho linatuluka ndendende.

"Zoona, bwana," anauza mnzake.

"Ndiye n'zimene zikundidetsa nkhawa," anatero wamtaliyo. "293 ndi ndani?"

Ananyamula makope onse khumi ndi anayi. Bambowo sanawamange, koma makhadi analeka kubwera. Analemba makalata atatu kufunsa za a Octavian, osayankhidwa. Kaya mphunzitsiyo anachita mantha, kaya apolisi anamutenga, kaya makalata ankathera panjira, palibe anadziwa.

Kuyambira pamenepo wosoka nsapato uja anasintha. Ukamupatsa nsapato, ankayamba wakuyang'ana kumaso nthawi yaitali. Anakana kusoka nsapato za a Donka mpaka kalekale, moti mayiwo ankayenda ulendo wautali kukasoketsa kumsika. Ine sanandikanire. Tsiku lina akundipatsa nsapato za mwana wanga anandifunsa motsitsa mawu:

"Mayi Nevena, inu mumatsegula bokosi pafupi ndi langa. Simunaonepo munthu akusuzumira?"

"Ayi, bambo," ndinatero.

Anagwedeza mutu, n'kundikulungira nsapatozo m'nyuzipepala. Anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kumaliro kwawo tinalipo anthu asanu.